Tauni ya Roxanne M'chilengezo cha Maliro

Ndili ndi zaka khumi, buku la manambala a telefoni linkabwera kamodzi pachaka, litakulungidwa m'pulasitiki. Chaka chimenecho ndinalipeza ndine m'bokosi la makalata kumsewu. Ndinathamanga nalo kukhitchini, ndinatsegula masamba mpaka ndinapeza: Havlik Emil, dzina la Bambo, ndi nambala yathu pambali. Tinali m'buku! Bambo anasolola cholembera m'thumba la malaya n'kupatsa mng'ono wanga Roxanne, amene anali asanadziwe n'kuwerenga komwe. "Lemba mzere pansi pa dzina lathu, kamwana." Mzerewo unakhota n'kudula dzina la eni ake, a Havranek. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinali nditaima pambali, chala changa chikadali pa tsambalo.

Masiku amenewo kupezeka m'buku unali ulemu.

Lero ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndimalembera nyuzipepala ya tauni yathu yaing'ono kuno ku Nebraska, imene imatuluka Lachinayi lililonse, ndipo zilengezo za maliro ndimalemba ndine: womwalira anabadwa liti, ankalima chiyani, wasiya ana angati, mwana aliyense amakhala tauni iti. Kwathu kuno chilengezo chopanda matauni a ana n'chosatha. Anthu amayamba kufunsana kuti banjalo linayambana chiyani.

Roxanne anathawa mwamuna wake Curtis zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ali ndi mkono wothyoka ndi chikalata cha khoti choletsa Curtis kumuyandikira. Kuyambira pamenepo makalata athu amadzera kwa loya wake ku Omaha, amene amawaika mu envulopu ina n'kuwatumiza. Kumene ankakhala panalibe ankakudziwa. Umo ndi mmene ndinkaganizira. Bambo anamwalira pa 27 Febuluwale, ndipo makalata awa ndi a miyezi yotsatira. Anga ndili nawo chifukwa ndimasunga kope ya chilichonse chimene ndalemba, ngakhale ena ndikanakonda akanapsa.

28 Febuluwale

Achemwali Glenda,

Moni. Ndikhulupirira mwadzuka, ngakhale kudzuka kwa masiku ano n'kungodzuka. Loya anandiimbira dzulo masana ndili kuntchito. Ndinakalirira m'kachipinda kosungira zida, dokotala akugwira yekha dzino la munthu.

Ndiuzeni zonse. Anapita ali m'tulo? Munali pomwepo? Ananenapo kanthu? Galu atsala ndi ndani?

Kumaliro sindibwera, ndipo musandiweruze. Curtis adzakhalapo, mukumudziwa. Adzaimika galimoto pafupi ndi chipata cha manda n'kumawerenga manambala a magalimoto achilendo.

Tsopano ndili ndi pempho limodzi. Pali masamba a pa intaneti amene ntchito yawo n'kugulitsa anthu. Munthu amalemba dzina lako, n'kulipira madola ochepa, iwo n'kumupatsa zaka zako, abale ako, msewu ndi nambala ya nyumba. Zinanditengera zaka ziwiri kuchotsa dzina langa pa masamba makumi anayi ndi limodzi, tsamba lililonse ndi fomu yake. Amatola paliponse, koma chakudya chawo chachikulu ndi zilengezo za maliro, chifukwa mmenemo mumakhala banja lonse, aliyense ndi tauni yake, zolembedwa ndi munthu wosanama ngati inu.

Choncho mukamalemba cha Bambo, mungoti asiya ana aakazi awiri. Dzina langa lisakhalemo. Ndikudziwa kuti tauni yanga simukuidziwa, koma mukamakonza katundu wawo mutha kupeza mapepala ena. Mukawapeza musawerenge, mungowotcha.

Mwambo ndi wa pa 11, nyuzipepala ndi ya pa 9. Kalatayi ikupezani nthawi ilipo.

Mng'ono wanu,
Roxanne

14 Malichi

Roxanne,

Moni. Uli bwanji kumene uliko? Kuno chipale chofewa chayamba kusungunuka, pabwalo pali matope okhaokha.

Bambo anapita m'mawa, ali pampando wawo uja, wailesi ikunena mitengo ya chimanga. Ndinali kukhitchini ndikuwaphikira mazira. Sananene kanthu. Galu ali kwanga, akukana kudya.

Tinawaika Loweruka. Tchalitchi chinadzaza. Amayi a kutchalitchi anaphika makolachi mazana atatu, mabanzi athu otsekemera aja, a maula ndi a tchizi, ndipo onse anatha. Curtis anabweradi, atavala suti ya paukwati wanu ija, atanyamula mbale ya nyemba. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Alamu, pepani. Nanga uja sanabwere kudzaika bambo ake?"

Ndisanayankhe, azakhali Bernice analowa pakati ndi ndodo yawo. "Iwe Curtis, nyemba waika, zikomo. Khomo ndi lomwe unalowera lija."

Kalata yako inafika mochedwa, nyuzipepala itapita kale kosindikiza. Ndakudulira chilengezocho, chili mu envulopu momwemu. Anthu akuti n'chabwino koposa zonse zimene ndinalembapo.

Mapepala aja ndinawapeza ndisanamve zoti ndisawerenge. Ndinkafuna mendulo ya Bambo ya kuusilikali kuti tiwaveke, ndiye ndinatsegula bokosi la zipangizo m'khola lakale la ng'ombe. Pansi pa masipanala panali makalata makumi asanu ndi limodzi kudza asanu ndi atatu. Ako. Osadzera kwa loya. Kumbuyo kwa envulopu iliyonse kuli adiresi yako ya ku Duluth, yolembedwa ndi dzanja lako lopendekeka lija. Kani Bambo anali ndi bokosi lawo la makalata ku positi ya tauni ina, ndipo akamati akukagula mafuta a thirakitala ankapita kumeneko.

Zaka zisanu ndi chimodzi, Roxanne. Katatu pasabata ndinkawatenga kupita nawo ku makina otsuka magazi, ulendo wa ola lathunthu, tili awiriwiri m'galimoto. Ndinkawawenga zikhadabo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Kodi mwana uja ali kotentha kapena kozizira?" Iwo anayang'ana pawindo n'kunena kuti, "Mulungu ndiye akudziwa." Kani Mulungu ndi iwo.

Ndawerenga kuti pawindo lako umaona sitima zikuluzikulu za panyanja zonyamula miyala ya chitsulo. Ziyenera kukhala zokongola. Ine pawindo langa ndimaona thanki la madzi lomwe lija.

Undilembere za ntchito yako. Ndangodziwa kumene kuti ndi ya kwa dokotala wa mano.

Glenda

29 Malichi

Achemwali,

Moni. Ndikulemba mwachangu, ndili kwa mnzanga wa kuntchito, ndikugona pasofa pake.

Dzina langa labwerera. Lachisanu ndinaliona pa masamba atatu, lero lili pa khumi ndi limodzi. Chilengezo chija chinaikidwa pa intaneti, cha nyuzipepala yanu ndi cha kampani ya maliro, ndipo mawu akuti "Roxanne wa ku Duluth" ndiwo ulusi umene ankasowa. Atangopeza tauni, analumikiza ndi mapepala a magetsi, tsopano akuonetsa msewu ndi nambala ya nyumba. Pansi alemba abale: Emil, Glenda, Bernice, Curtis.

Lolemba ndinapeza khadi lachipepeso m'bokosi langa la makalata. "Pepa za Bambo. C." Linalibe sitampu, achemwali. Linabwera ndi manja.

Apolisi alemba zonse, koma akuti khadi silinajambule nkhope ya munthu. Kunyumba sindinabwererenso. Maluwa anga a pakhonde ndawasiya. Ntchito ndisiya kumapeto kwa mwezi, zaka zisanu ndili ndi anthu abwino chonchi.

Musadziimbe mlandu. Inu munalemba monga mumalembera nthawi zonse, simunadziwe. Ndikuimba mlandu positi, ndi ine mwini amene sindinauze loya kuti akuimbireni lamya. Za makalata a Bambo ndidzakufotokozerani mtima ukakhala pansi.

Galu mumuyesere msuzi wa nkhuku.

Roxanne

5 Epulo

Iwe Glenda, mwana wa achimwene anga,

Moni wochokera kwa azakhali ako Bernice. Miyendo ikupweteka, makutu anatha, n'chifukwa chake ndikulemba m'malo mokuimbira. Maso okha ndiwo akugwirabe ntchito, ndipo nkhani yanga ndi ya maso.

Loya wa Roxanne wandilembera kuti nane ndichotse dzina langa pa zinthu zawo za pa kompyutazo. Wandiuzanso kuti mwanayo wathawanso, ati chifukwa kalata inachedwa. Inachedwa?

Lolemba pa 6 Malichi ndinali m'khitchini mwako, ndinabweretsa keke ya maapozi. Pansi pa mbale ya shuga panali envulopu ya chidindo cha loya wa ku Omaha, yotsegulidwa kale. Utaona kuti ndaiona unaikapo nsalu yopukutira mbale. Nyuzipepala yako imapita kosindikiza Lachitatu. Ndine wokalamba, koma masiku a sabata ndimawadziwabe.

Unali chonchi kuyambira uli wamng'ono. Mnzako akalandira chidole, iwe sunkalira. Unkangochiika pamalo pamene galu angachipeze.

Tsopano tamvera, chifukwa amene akanakuuza ali m'manda. Roxanne anapempha kawiri kuti iwe uuzidwe kumene ali. Anakana ndi bambo ako. Anati, "Curtis amalowa mu ofesi ya Glenda sabata iliyonse. Glenda satha kunama, nkhope yake imafiira. Musiyeni azinena kuti sindikudziwa, zili zoona." Ankakunyadira ndi zimenezo, chitsiru iwe. Ndikuona kuti anakuchepetsa, kunama umatha.

Umuuze wekha. Ukapanda kutero pofika Pasaka, ndimuuza ine, ndipo ine sindikometsera ngati wa nyuzipepala.

Mbale yanga ya keke undibwezere.

Azakhali ako

16 Epulo

Roxanne, mng'ono wanga,

Moni. Sindikudziwa ngati kalatayi ikupeza pasofa paja kapena kwina. Uli bwanji? Ukudya?

Kalata yako sinachedwe. Inafika Lolemba pa 6. Ndinaiwerenga katatu. Makalata ako kwa Bambo ndinali nditawapeza dzulo lake, ndipo ndinali nditawerenga onse, nditakhala pa chidebe m'khola, manja atauma ndi kuzizira. Lachiwiri ndinakhala pa kompyuta ya kuntchito n'kulemba kuti "asiya ana aakazi awiri." Ndinayang'ana mawuwo. Kenako ndinafufuta n'kulemba "Glenda wa kuno kwathu, ndi Roxanne wa ku Duluth, Minnesota."

Ndinadziuza kuti ndi mwambo, kuti sindinalembepo chilengezo chopanda matauni, kuti Duluth ndi mzinda waukulu. Koma chimene ndinkafuna n'chakuti iwe utsegule envulopu uone kuti nanenso ndikudziwa. Kuti chinsinsi chanu cha awiri chatha. Za Curtis sindinaganize. Ayi, limenelo ndi bodza linanso. Ndinaganiza, kenako ndinaika maganizowo pambali.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Ndikungokuuza zimene ndikuchita. Chilengezo ndachichotsa pa tsamba la nyuzipepala. A kampani ya maliro achotsa chawo nditapita komweko kawiri. Loya wako wanditumizira mndandanda wa masamba aja, ndipo tsiku lililonse ndikaweruka ndimatsala mu ofesi n'kumawayendera limodzilimodzi. Ndikuchotsa iwe, ine, azakhali ndi Bambo, chifukwa akuti wina wa ife akatsala, amakoka ena onse.

Sindinkadziwa kuti unadutsa m'zimenezi wekha. Malo odina kuti akuchotse amawabisa pansi penipeni, m'timalemba tonga nyerere. Lina likufuna imelo, lina likufuna lamya, lina likufuna chithunzi cha laisensi yanga yoyendetsera galimoto, kutanthauza kuti ndiwapatse zambiri kuti achotse zochepa. Lina linati nditumize fakisi. Ndinakafukula makinawo kuseri kwa kabati. Ndipo tsamba lililonse limayamba landifunsa ngati ndine munthu, n'kundionetsa tizithunzi kuti ndisankhe tokhala ndi mabasi. Sabata ino ndalephera kawiri.

Chovuta chinali cha Bambo. Kwa iwowo Bambo akadali moyo, zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, nambala yawo ya telefoni ili pomwepo. Ndinakhala theka la ola dzanja lili pamwamba ndisanadine.

Lachinayi Curtis analowa mu ofesi, akuti akudzagula nyuzipepala. Anatsamira pakauntala.

"Alamu, akuti ku Duluth kumazizira mpaka Meyi. Mwamutumizira chijuzi?"

"Nyuzipepala ndi dola imodzi, Curtis."

"Mumalemba bwino inu. Ndinadula, ndinasunga."

Ndinamupatsa nyuzipepala yake, ndinalemba ola ndi mawu ake onse papepala iye akuona, ndipo atatuluka ndinakapereka kupolisi ndi kwa loya wako. Nkhope yanga inafiira, koma pepala linafika.

Ndatsala ndi masamba khumi ndi anayi.

Ndikuuzenso ichi, poti ndayamba kunena zoona. Nsanjeyo sinathe. Dzulo ndinawerenganso kalata imene unawauza za mphaka wa kwa neba wako, ndipo ndinakwiya kuti ngakhale za mphaka ankazidziwa.

Glenda

11 Juni

Roxanne,

Moni. Patha milungu isanu ndi itatu. Sindikukufulumiza, ndikungowerenga.

Kuno chimanga chafika m'mawondo. Munda wa Bambo akulima ndi ana a Havranek. Galu wayamba kudya, wanenepa, amagona pa nsapato zanga.

Masamba onse makumi anayi ndi limodzi ndinamaliza pa 9 Meyi. Pa 30 Meyi dzina lako linali litabwerera pa asanu ndi limodzi. Amagulitsana okhaokha, ukatseka uku akutulukira uko. Ndinachotsanso. Ndapezanso ena atatu amene sanali pa mndandanda wako. Tsopano ndimayang'ana Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi, ndili ndi kabuku kake.

Lachisanu ndinapita kwa azakhali kukabweza mbale yawo. Pafiriji pawo pali khadi la tsiku lawo lobadwa. Dzanja lopendekeka. Analiika pakatikati, ndi maginito awiri, kuti ndisaliphonye.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero.

"Palibe."

"Wafiira. Khala pansi udye keke."

Ndiye uli moyo, ndipo sitampu uli nazo. Ndasangalala. Ndasangalaladi, ngakhale ndinabwerera ulendo wonse ndikukangana nawe m'galimoto.

Undilembere ngakhale mzere umodzi. Ngakhale wotukwana.

Glenda

20 Julaye

Achemwali Glenda,

Moni. Ndili bwino. Ndili ndi chipinda, ndili ndi ntchito yochepa kuposa ija, pakhonde palibe malo a maluwa.

Kalata yanu ya Epulo ndinaing'amba. Kenako ndinaimata ndi tepi kuti ndiiwerengenso ndikwiye bwino. Ndinalemba mayankho asanu, onse anali oti loya wanga akanachita manyazi kuwanyamula.

Munanditayitsa nyumba. Munanditayitsa anthu amene ankadziwa kuti khofi ndimamwa wopanda shuga. Ndili ndi zaka makumi asanu ndipo ndikuphunziranso kuti basi ya kumsika imaima pati. Zimenezi sizichotsedwa ndi fomu.

Koma pali chinthu chimene chimandiseketsa ndi mkwiyo womwewo. Inu mukuchitira nsanje ine? Inu munawerenga makalata anga kwa Bambo, koma awo kwa ine simunawaone. Ali ndi ine, ndipo ndi Glenda yekhayekha. Glenda wakonza denga. Glenda wakangana ndi namwino mpaka wapambana. Glenda walemba za malemu uje, tauni yonse yalira. Ndinkawerenga ndili ndekha patebulo n'kumati, mayi ameneyu akudziwa fungo la malaya awo, akudziwa mmene dzanja lawo lapepukira, akumva kutsokomola kwawo. Ine ndinali ndi pepala. Inu munawaphikira mazira tsiku lomaliza. Ine sindinaone ngakhale bokosi. Mukanandifunsa kuti tisinthane, ndikanakupatsani sitima zonse zija.

Curtis akaonekera kukhoti mu Seputembala. Pepala lanu lija lathandiza, pamodzi ndi kamera ya sitolo ya pafupi ndi nyumba yanga yakale. Loya akuti mwina mudzafunika kukanena pamaso pa woweruza. Mudzafiira, koma mudzanene.

Kumene ndikukhala sindikuuzani. Azakhali sakudziwa, palibe akudziwa, choncho palibe womuchitira nsanje. Mwina chaka chamawa. Mwina ayi. Pang'ono ndi chifukwa cha Curtis, pang'ono ndi chifukwa cha inu, ndipo sindibisa.

Koma ndikufuna wina andiuze za Bambo ndi pakamwa, ndipo amene alipo ndinu nokha. Ndiye zikhale chonchi. Loweruka pa 12 Ogasiti, loya adzakuimbirani m'mawa n'kukuuzani dzina la malo odyera, ulendo wa maola anayi kuchokera kwanuko. Foni mudzaisiye kunyumba. Galimoto yanu Curtis amaidziwa, mubwereke ya azakhali. Lachisanu lake muyang'ane masamba onse aja. Dzina langa likakhala ngakhale pa limodzi, muuze loya, musanyamuke.

Ndidzakhala ndi maola awiri. Sindikulonjeza kukukumbatirani. Mubwere ndi galu.

Mng'ono wanu,
Roxanne

Lero ndi Lachisanu pa 11. Ndayang'ana masamba onse makumi anayi ndi anayi, lililonse kawiri, ndipo mng'ono wanga sakupezeka paliponse. Sindinkadziwa kuti munthu angasangalale chonchi posowa m'bale wake.

Azakhali andipatsa makiyi masana ano. Ati ndisasunthe mpando, ndisakhudze wailesi, ndipo ndikafika kumeneko ndiyambe ndatseka pakamwa.

Loya aimba mawa nthawi ya seveni.